Zala Zinayi M'mbali mwa Chofunda

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa thumba la ufa lonyowa silifanana ndi fungo lina lililonse. Limakhala ngati buledi amene wayamba kupserera, koma losakanikirana ndi sopo ndi utsi. Masiku ano anthu amasita ndi magetsi ndipo nsalu sinunkhira kanthu, imangotentha basi. Koma tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa msika pa boma ndinalimva fungo limeneli likuchokera pakhonde la telala wina, ndipo ndinaima pakati pa njira mpaka wa kabaza anandilalatira. Ndinamubwezera, chifukwa ine mawu a munthu sindigona nawo. Koma mtima wanga sunali pamenepo. Unali ku Lungwena, chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, pa tchuthi chimene tinasoka chofunda cha achemwali anga a Agnesi.

Anthu amene amati ku Mangochi sikuzizira ndi aja amabwera pa galimoto mwezi wa Okutobala, n'kukhala pa hotela masiku awiri, n'kubwerera kwawo akudziwa zonse. Abwere mwera ukayamba adzaone. Mphepo imeneyo inkalowa m'nyumba mwathu kudzera pansi pa chitseko ndi m'mipata ya udzu wa denga, n'kutisiyira mchenga m'mbale ndi m'mano. Mabwato ankakhala kumtunda masiku atatu kapena anayi, asodzi atabisala kuseri kwa mipanda ya bango akusoka maukonde. Ife ana milomo inkang'ambika, miyendo n'kutuwa ngati tagona paphulusa. Koma a Agnesi atabwera ku tchuthi anatiuza kuti kuzizira kwathuku n'kwamasewera.

Iwo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali oyamba pa mtundu wathu wonse kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kumapiri a ku Dedza. Anapita ali onenepa ndi aphokoso. Anabwera ataonda, ali ndi chifuwa chouma chimene chinkamveka mpaka kuchitsime. Ananyamuka kwathu ndi bulangete limodzi lakale ndi zitenje ziwiri, chifukwa amayi ankaganiza kuti kuzizira n'kumodzimodzi dziko lonse. Kumeneko, iwo anati, madzi a pampopi amaluma ngati chinkhanira, ndipo atsikana a m'tauni anali ndi mabulangete awiriawiri pamene iwo ankagona atavala yunifolomu ndi juzi yobwereka. Amene anakhalitsako ankawaseka kuti chisanu chenicheni sichinayambe, chikubwera teremu yotsatirayo. Tsiku lachiwiri la tchuthi, akupeta mpunga pabwalo, anangoti, "Ine kumene kuja sindibwererako."

Mawu amenewo akanangokhala madandaulo a mwana wozizidwa pakanapanda Che Mbwana. Ameneyu anali mwini chilimira, ukonde waukulu uja wa utaka, ndi boti la injini, ndipo anali atayamba kale kudutsa pakhomo pa amalume athu ndi nsomba zazikulu zimene sankagulitsa. Sindinama, sanali munthu woipa. Ankalankhula mofatsa, ankapemphera nafe, ndipo nyumba yake inali ya malata. Amalume, alongo awo a amayi, ankati mtsikana wofika Fomu 1 waphunzira zokwanira kuwerenga kalata ndi khadi la kusikelo, nanga akafere chiyani kumapiri mwamuna ali pompano? Kwathu mawu a malume pa mwana wa mlongo wake ndi omaliza. Ababa anali mkamwini, anabwera kudzakwatira kuchokera ku Malindi, ndipo pa nkhani ngati imeneyi ankakhala pambali n'kumamvera ngati mlendo.

Ababa anali telala, ndipo makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika. Anali munthu wa mawu ochepa moti nthawi zina ndinkafuna kuwagwedeza. Ine ukali ndinatengera kwa amalume omwewo, ndipo sindinyadira. Atamva mawu a achemwali sanakalipe komanso sananyengerere. Anamaliza tiyi wawo n'kunena kuti, "Ngati vuto ndi kuzizira, kuzizira kuli ndi mankhwala." Tsiku lomwelo anabwera ndi thumba la zidutswa za nsalu zimene zinkatsala pa ntchito za anthu kwa zaka zambiri, n'kulikhuthula pamkeka. Anati asoka chofunda cha nsalu zitatu zosanjikiza, chimene anachiona ali mnyamata kwa telala amene anawaphunzitsa ntchito. Tchuthi chinali cha milungu itatu, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti chofundacho chikapanda kutha, amalume sadzafunika kulankhula kawiri.

Milungu iwiri yoyamba inathera pa nsalu yapamwamba. Ababa anadula katoni ya sopo kukhala kachikombole ka makona anayi, kokula ngati chikhatho chawo, ndipo chidutswa chilichonse chinkadulidwa potengera pamenepo. Ntchito yanga inali simbi. Ndinkakoleza makala, kuizunguliza m'mwamba kuti moto uyake, kuiyesa ndi malovu, kenako kusita msoko uliwonse kuti ugone mbali imodzi. Mudzi wonse unali m'zigambazo. Munali diresi la ukwati la mphunzitsi wathu, shati ya maluwa ya kondakitala wina, nsalu ya buluu ya amayi a kumpingo, ndi kachidutswa kobiriwira ka mkanjo wa mwana wa shehe. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzaloza ndi chala. "Iyi ndi yanga iyi, a telala! Si munati yatha?" Ababa ankangomwetulira ali ndi ulusi pakamwa.

Chapakati chinali bulangete lakale lomwe lija, lotha moti ukalikweza dzuwa linkaonekera. Pothapo ababa anati tiyalepo thonje. Amayi anakapempha dengu limodzi kwa mnzawo wa kumtunda amene anali atayamba kutola, ndipo masana onse iwo ndi achemwali ankakhala kuseri kwa nyumba kobisalira mphepo, akuchotsa njere ndi kulimwaza ndi zala mpaka lipyapyale. A Agnesi ankagwira ntchitoyo ndi nkhope ya munthu amene akukumba manda a mlendo. Nsalu yapansi ndiyo inavuta kupeza. Inali ya matumba anayi a ufa wa tirigu, a nsalu aja akale, amene mayi wina wokazinga mandasi anatipatsa. Tinawachapa katatu n'kuwayanika pamchenga kuti zilembo zisuluke, ndipo poti sanakwane, ababa anawalumikiza ndi timizere ta khaki wotsala pa yunifolomu za ana asukulu. Pothera pake m'thumba la zidutswa lija munatsala ulusi ndi fumbi basi.

Ndikuisita nsalu yapansiyo ndinaona kuti yakula kuposa yapamwamba, zala zinayi mbali iliyonse. Ndinafunsa chifukwa chake. Ababa anati, "Udzaona." Limeneli ndi yankho limene ndimadana nalo mpaka lero, ndipo ana anga sindiwayankha choncho.

Kusanjika nsalu zitatu kumafuna pansi posalala ndi potakasuka. M'nyumba mwathu munali mozira ndi dothi, mwa mabampu, ndiye ababa anakapempha kwa akatekisiti kuti tigwirire m'tchalitchi kuyambira Lolemba, bola tikhale titachoka Loweruka m'mawa amayi a kumpingo asanabwere kudzakolopa. Achemwali anayenera kukwera lole Lolemba lotsatira. Vuto lina linali bondo la ababa la kumanzere, limene silinkapinda chigwereni pa njinga zaka za m'mbuyo. Kugwada sakanatha. Choncho ntchito yonse ya pansi inagwera ine, iwo atakhala pabenchi ndi kansungwi kolozera.

Tchalitchi chopanda anthu chili ndi mawu ake. Malata ankalira ndi mwera, kudenga kunkachokera fungo la mileme, ndipo simenti yofiira inkazizira mpaka m'mafupa a mawondo. Tinakankhira mabenchi kukhoma. Choyamba ndinayala nsalu yapansi, nkhope yake itayang'ana pasimenti, misoko ili kumwamba. Ababa anati ndiikoke kuti makwinya achoke, koma osati ngati chikopa cha ng'oma, chifukwa nsalu yokokedwa kwambiri imabwerera ukaisiya, n'kukwinya zinzake. M'makona ndinaikamo miyala yosalala ya kunyanja. Nsalu iliyonse tinali titaipinda kanayi kuti tipeze pakati pake, n'kulembapo ndi kachidutswa ka sopo wouma, kamene kanali choko cha ababa. Pakati pa bulangete panayenera kugwera pakati pa matumba, ndipo pakati pa zigamba pagwerenso pomwepo. Kansungwi kankagogoda pasimenti. "Kumanja pang'ono. Wapitirira. Bwerera chala chimodzi."

Thonje ndinkaliyala nditatseka pakamwa, chifukwa ukapuma mwamphamvu linkauluka. Kenako tinatsitsa nsalu ya zigamba itapindidwa pakati, n'kuifunyulula mbali imodzi, kenako inayo. Kusalaza kunkayambira pakati ndi zikhatho zonse ziwiri, kukankhira timafunde ta nsalu kunja mpaka tikathere m'mbali. Mapini ababa anali nawo ochepa, ndiye tinkabaya ndi minga ya mthethe imene ndinakathyola ndekha kuseri kwa sukulu. Pambuyo pa minga pankabwera singano yaitali ndi ulusi woyera, kusoka motalikitsa kongogwirizira kuti nsalu zitatuzo zisasunthe. Lamulo linali limodzi, kuyambira pakati kupita kunja ngati masipoko a njinga. "Mbolembole," ankatero ababa m'Chiyao, kutanthauza pang'onopang'ono, ndipo mawu amenewo ankandiyabwa kuposa thonjelo.

Lachiwiri ababa anaitanidwa kumsika kukayeza munthu suti ya ukwati, n'kundisiya ndekha. Panja anzanga ankasewera mpira wachikulunga, ndipo ndinkachita kumva kuti timu yathu ikugonja chifukwa chosowa ine. Ndinaganiza ngati munthu wanzeru kuti ukafuna mbuzi zisathawe umayamba wamanga mpanda. Ndiye ndinazungulira m'mbali monse ndi singano, mofulumira, kuti pakati ndimalize pambuyo. Ntchitoyo inaoneka bwino mpaka nditafika pakatipo. Nsalu yonse yotsala inali itasonkhana pamenepo, itatukuka ngati mimba ya mbuzi ya bere. Ndinaikanikiza ndi chigongono, n'kutulukira pena. Ababa atabwera anaiyang'ana, anaigunda ndi kansungwi, n'kunena mawu amodzi okha. "Masula."

Ndinamasula ndikulira ndi ukali, ulusi ndikuukulunganso pakamtengo chifukwa wina panalibe. Tsiku lathunthu linapita choncho. Kunyumba sindinalankhule ndi munthu, ndipo galu wa oyandikana nafe anadya mwala popanda chifukwa.

Lachitatu ndinayambanso, ulendo uno kuchokera pakati monga mwa lamulo. Dzuwa lili paliwombo ababa anapita kunyumba kukadya ndi kukapumitsa bondo. Ine ndinati nditsala, chifukwa ndinkafuna kuwaonetsa. Ndili chigwadire, pazenera panasuzumira Filipo, mwana wa akatekisiti, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, akumung'unya malambe. Anayang'ana ntchito yathu n'kulavulira njere panja. "Bambo ako ndi telala wanji wosadziwa kuyeza?" anatero. "Taona yapansiyo, yatulukira ngati pitikoti wa mayi wothamangira basi." Ndinatola umodzi wa miyala ya m'makona ija, ndipo mwayi wake anali atathawa kale.

Nditabwerera ndinaimirira n'kuyang'ana, ndipo ndinaona kuti Filipo sananame. Nsalu yoyera inatulukiradi mbali zonse, yamanyenje, ndipo kuyambira Lolemba inkandikola pansi pa mawondo. Ndinapsa mtima ndi Filipo, ndi nsaluyo, ndi ababa amene sankayankha munthu zomveka, koma makamaka sindinafune kuti wina adzawanenenso kuti sadziwa kuyeza. Sizasi yawo yaikulu yakuda, imene sinkaloledwa kudula ngakhale pepala, inali pabenchi. Ndinaitenga. Ndinadula mbali yaitali imodzi motsata m'mphepete mwa zigamba. Mzere unakhota, ndiye ndinadulanso kuti ndiwongole, kenako kachitatu. Ndinapita mbali yaitali inayo n'kuchita chimodzimodzi. Chala chachikulu chitatupa ndi sizasi ndinalekeza, pasimenti pali tizingwe ta nsalu ngati matumbo a nkhuku. Mbali ziwirizo zinali zitafanana bwinobwino, ndipo ndisabise, ndinanyadira.

Kunyadako kunatha nditayambanso kusalaza. Zikhatho zanga zikamakankhira kunja, nsalu ya zigamba inkatambasuka n'kupitirira yapansi, poyamba theka la chala, kenako chala chathunthu. Bulangete lotuwa lija linayamba kusuzumira m'mbali, thonje likutuluka. Ndinayesa kukoka yapansi, ndipo pakati panakwinyika.

Ababa analowa akutsimphina monga mwa nthawi zonse. Anaima nthawi yaitali. Kenako anawerama movutikira, n'kuika zala zinayi pasimenti, pamalo pamene panayenera kukhala nsalu. Anatola kachingwe kamodzi mwa tija ndinadula, anakatambasula, anakagwetsa. "Beni," anatero, "zala zinayi zija zinali zoti tidzapindire pamwamba, zitseke m'mbali kuti thonje lisatuluke. Nsalu yapansi ndi imene imakumbatira zinzake. Iwe waidula manja." Sanandimenye. Ndikanakonda akanatero, chifukwa munthu akakumenya umapeza pokwiyira. Anatseka tchalitchi, anakabweza kiyi, ndipo tinayenda kupita kunyumba iwo patsogolo, ine pambuyo ndikuwerenga mapazi awo pamchenga.

Lachinayi m'mawa amalume anafika pa njinga tiyi asanathe. Nkhani inali itawapeza kale, Filipo anali atasuzumiranso pazenera paja ndipo sanagone nayo. Anakhala pampando pakhonde pomwe panali dzuwa, n'kulandira kapu. "Alamu, ndamva kuti ntchito yathera panjira," anatero akuseka. "Musadandaule, zina zimakana zokha. Ngakhale nsalu yaona kuti mwanayu ndi wa kuno." Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikufuna kuti nthaka itseguke. Ababa sanaseke, komanso sanatsutse. Anayankhula ngati akuuza kasitomala muyeso wa buluku. "Pakufunika mzere umodzi wa nsalu yolimba, zala khumi m'lifupi, wotalika ngati chofundacho. Ndikhoza kung'amba yapansiyo pakati n'kuulowetsa pamenepo. Koma ine nsaluyo ndilibe." Atatero anamwa tiyi wawo, osayang'ana munthu.

Amayi ankasenda chinangwa, mpeni ukulira pang'onopang'ono. Mphepo inkagwedeza zovala pachingwe. Achemwali anali atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, akuyang'ana zala zawo zakumapazi. Kenako anaimirira n'kulowa m'nyumba. Tinamva sutikesi yawo ya chitsulo ikutseguka. Anatuluka ndi chitenje chatsopano, chabuluu cha mbalame zachikasu, chouma gwa, chisanalawepo madzi. Ine ndinali ndisanachionepo. Amayi anasiya mpeni. "Agnesi, si chija anabweretsa akazi a amalume ako kuchokera kwa Che Mbwana chimenecho?"

"Eya, ndi chomwecho."

Anayeza ndi manja awo onse awiri, zala khumi, analuma m'mphepete ndi mano, n'kung'amba kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Nsalu yatsopano ikamang'ambika imalira, ndipo nkhuku zimene zinkatola makoko a chinangwa zinabalalika. Amalume anaika kapu pansi n'kuimirira. "Mwana iwe, ukudziwa chimene wachita?" A Agnesi anagwada monga mwa ulemu, mzere wa nsalu uli m'manja. "Ndikukonza chofunda, amalume." Amalume anayang'ana amayi, anayang'ana ababa, koma ababa ankayang'ana m'kapu. Anakwera njinga yawo osatsanzika. Achemwali anabwera kuseri kwa nkhokwe n'kundiponyera nsaluyo kumaso. "Tenga, chitsiru iwe. Ukadulanso ndikudula makutu."

Tinamasula zonse kachiwiri. Ababa anang'amba nsalu yapansi pakati penipeni, anapita nayo kumakina, ndipo pofika masana mzere wabuluu unali utalowa pakati pa matumba a ufa ngati kuti anachita kukonza choncho kuchokera pachiyambi. Ine ndinasita misoko iwiri yatsopanoyo mosamala kuposa chilichonse chimene ndinasitapo. Titabwerera kutchalitchi sindinagwade ndekha. Achemwali anagwada mbali inayo, chitenje chakale atamanga m'chiuno. Chifuwa chikawagwira ankatembenuzira nkhope kukhoma kuti thonje lisauluke. Tinkakangana pa chizindikiro cha sopo, iwo akuti chili apa, ine ndikuti chili apo, mpaka kansungwi kagogode. Manja awo anali opepuka kuposa anga, ndipo ankasalaza ngati munthu amene akudziwa kuti adzagonapo ndi iyeyo.

Lachisanu amayi anabwera nawo, ndipo masingano anakhala atatu. Makina sakanatha kuboola nsalu zitatu ndi thonje, ndiye kusoka kwenikweni kunali kwa pamanja, ndi ulusi wonenepa, motsata mizere ya zigamba. Ababa ankazula minga m'mene tinkadutsa, n'kumaika m'chitini. Zala zathu zinabooka, ndipo pa kachigamba kena ka maluwa pali dontho la magazi anga limene palibe analiona. Dzuwa litapendeka tinayamba m'mbali. Nsalu yotsala ija tinkaipinda kawiri, n'kuigoneka pamwamba pa zigamba, n'kuisokerera. Thonje linatsekeka mkati, bulangete lotuwa linabisika, ndipo mbali imene inali yamanyenje inakhala mpendero woyera wowongoka. Ndinaona. Palibe anandikumbutsa kuti ndaona.

Loweruka m'mawa amayi okolopa anatipeza tisanamalize mbali yomaliza. Anaika zidebe pansi n'kuyamba kudandaula, koma mmodzi wa iwo anatopa ndi kuonerera, anandilanda singano n'kugwada. Titasolola ulusi woyera wogwirizira uja, anthu anayi ananyamula chofundacho m'makona kuti achione bwino. Chinali cholemera ngati mwana wa mbuzi. Atachitembenuza, mayi wa singano uja anagwira mzere wabuluu n'kupukusa mutu. "Nsalu yabwino chonchi kuibisa kunsi?" Achemwali anati kunsi ndi kumene kumakhudza thupi, ndipo amayiwo anaseka n'kuyamba kukolopa.

Lolemba tinachikulunga n'kuchimanga ndi chingwe cha ukonde wakale. Lole inafika itadzaza madengu a usipa, ndipo a Agnesi anakhala pamwamba pa chofunda chawo, sutikesi ili pamiyendo. Anabwerera kusukulu teremu imeneyo ndi ena onse otsatira. Lero ndi mphunzitsi ku Namwera, kumene kumazizira ndithu, ndipo ana a kumeneko amati ndi aukali, ngakhale sanakumane ndi ine. Che Mbwana anakwatira mtsikana wina mvula itagwa, ndipo ankapatsana moni ndi ababa monga kale. Amalume anakhala miyezi ingapo osaponda pakhomo pathu.

Nthawi imeneyo nkhaniyi ndinkaimva mwachidule. Ine ndinawononga, ababa anasowa nsalu, ndipo achemwali anataya chitenje chatsopano kuti apulumutse mlongo wawo wopusa. Ndinkachita manyazi ndikachiganiza, ndipo kwa zaka zingapo akandituma kanthu ndinkathamanga osawiringula, zimene sindinkachitira munthu wina aliyense.

Ndinadzamvetsa bwino nditakhala malume ineyo, anthu atayamba kubwera pakhomo panga kudzafunsa za ana a mlongo wanga. Mtsikana akalandira nsalu ya mwamuna, njira zimakhala ziwiri. Akaivala wavomera. Akafuna kuibweza iyenera kudutsa m'manja mwa malume amene anailandira, ndipo amalume athu sakanaibweza. Koma nsalu yong'ambika sivalika ndipo sibwezeka. Ndinadzakumbukiranso kuti pamsika paja panali atelala ena atatu, anzawo a ababa, obwerekana nawo ulusi ndi mafuta a makina tsiku ndi tsiku. Mzere wa zala khumi ababa akanaupeza kwa iwo asanamalize kupereka moni. Kudula kwanga kunali kupusa basi, sindikukometsa. Koma ababa, amene m'mudzi wa akazi awo sakanatha kunena kuti ayi, anangotchula muyeso pamaso pa onse n'kukhala chete mpaka mwini wake wa nkhaniyo ataimirira yekha. Sindinawafunse ali moyo ngati anachita dala, ndipo achemwali sitinakambiranepo. Ine ndikanakhala pampando umenewo ndikanalalata, mudzi wonse ukanamva, ndipo mwina a Agnesi sakanakwera lole.